Agogo akangoti phee, musati ndi ukalamba chabe

Kuno ku Johannesburg ambiri tili ndi makolo m'nyumba. Ena tinawaitana kudzalera zidzukulu, ena anakalambira konkuno pa ntchito. Mukaona agogo amene ali ndi BP kapena shuga asiya kucheza, akudya monyinyirika, akuchedwa kuyankha, mpaka kuphika nsima akusowa poyambira, musathamangire kunena kuti ndi ulesi kapena kuti awalodza kumudzi.

Pali matenda okhumudwa amene amayamba munthu atakula kale, kawirikawiri atapitirira zaka 60, chifukwa timitsempha ta magazi ta mu ubongo tawonongeka pang'onopang'ono. George Alexopoulos ndi madokotala anzake anawafotokoza mu 1997, n'kuwatcha vascular depression. Ubongo ukajambulidwa ndi makina oonera mkati mwa thupi otchedwa MRI, pamaoneka timadontho toyera pomwe magazi sakufika bwino. Wodwalayo nthawi zambiri salira ayi. Amangozizira mtima, mphwayi n'kumugwira, n'chifukwa chake abale amachedwa kuzindikira.

Pitani nawo ku kiliniki, mukafotokoze zonse mwaona, osati za BP zokha. Pakafunika, adzakutumizani ku chipatala chachikulu monga Helen Joseph kapena Charlotte Maxeke.

Mankhwala monga sertraline amathandiza, koma kwa odwala amenewa amachedwa kugwira. Pangadutse masabata 8 mpaka 12 kusintha kusanaoneke bwino. Apa m'pomwe mabanja ambiri amataya mtima n'kusiyitsa mapiritsi, ndipo zimandipweteka, poti ena amasiya kuchira kutayandikira. Ngati sakusintha, bwererani kwa dokotala akaonenso mlingo kapena mtundu wa mankhwala. Agogo akayamba chizungulire kapena kusokonezeka, fulumirani, chifukwa mankhwalawa amatha kutsitsa mchere wa m'magazi.

Kunyumba, kuwauza kuti "limbani mtima" sikuthandiza, pakuti chomwe chawavuta ndi kuyamba chinthu. Ayambitseni ndinu. Ikani lichero pamiyendo pawo, munene kuti, "Agogo, tiyeni tisankhe nyembazi." Ntchito imodzi yaing'ono, nthawi yomweyo tsiku lililonse. Ikazolowereka, onjezani ina. Muziyenda nawo, ngakhale kukafika pa spaza n'kubwerera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, koma yambirani pomwe miyendo yawo ikutha.

Tetezaninso mitsempha yotsalayo. Mapiritsi a BP ndi shuga asadumphidwe, fodya asiyidwe, mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kuwerengera ndi wa mu polony ndi supu wa m'mapaketi.

Agogo akayamba kunena kuti kuli bwino angofa, musadikire tsiku lawo la ku kiliniki. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, kapena imbani foni yaulere ku SADAG, bungwe lothandiza odwala matenda okhumudwa, pa 0800 567 567.