Momwe mungasamalire ubongo kuti usafooke msanga mukamakula

Ubongo umalemera 2 peresenti yokha ya thupi lonse, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu ndi okosijeni wa m'thupi. Zonsezi zimafika kudzera m'timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri, choncho chilichonse chowononga mitsempha chimawononganso nzeru. Mu 2024, gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya The Lancet linanena kuti pafupifupi 45 peresenti ya matenda a dementia, aja oiwalitsa munthu mpaka kusazindikira ana ake, amakhudzana ndi zinthu 14 zimene zingasinthidwe. Zambiri mwa izo zimayamba munthu asanakalambe.

Yambani ndi BP. Kuthamanga kwa magazi sikupweteka, n'chifukwa chake anthu amakhala nako zaka zambiri osadziwa. M'zaka zimenezo timitsempha ta mu ubongo timalimba ndi kutsekeka, munthu n'kumadwala tisitiroko ting'onoting'ono tosaoneka, mpaka kuganiza kuyamba kuchedwa. Poyeza, musamwe khofi kapena kusuta fodya kwa mphindi 30, khalani pampando mphindi 5 mutatsamira, mapazi ali pansi, mkono mutauika patebulo molingana ndi mtima. Yezani kawiri, mudikire mphindi imodzi pakati. Ikafika 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, kaonaneni ndi dokotala. Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa: BP ikatsika amasiya mankhwala, kuiwala kuti yatsika chifukwa cha mankhwalawo. Ikakweranso siwauza. Pa ulendo womwewo yezetsaninso shuga ndi mafuta a m'magazi.

Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kutanthauza sipuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo umene uli kale mu buledi, soseji ndi zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Chepetsani pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakapita milungu ingapo. Masamba ndi zipatso zifike magalamu 400 patsiku, ndipo nyemba, mtedza ndi nsomba zizilowa m'malo mwa nyama yamafuta. Fodya siyani. Mowa chepetsani kwambiri.

Kenako thupi ligwire ntchito. Bungwe la WHO limalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiye kuti kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu kwakwanira poyambira. Liwiro loyenera ndi limene mukutha kulankhula koma simungathe kuimba. Amene munazolowera kukhala pansi, yambani ndi mphindi 10, muziwonjezera 5 sabata iliyonse; kuyamba mwamphamvu kumatha ndi bondo lotupa sabata yachiwiri. Masiku awiri pa sabata limbitsani minofu: dzukani pampando osagwira pena paliponse ka 10, pumulani, bwerezani katatu. Mukapitirira zaka 65, onjezerani kuima ndi mwendo umodzi masekondi 10 muli pafupi ndi khoma, masiku atatu pa sabata. Izi zimachepetsa kugwa, ndipo kuvulala m'mutu kuli m'gulu la zinthu 14 zija.

Makutu ndiwo amanyalanyazidwa kwambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni. Munthu akayamba kusamva bwino, ubongo umathera mphamvu pa kuganizira mawu amene sanamveke, ndiye zochepa n'zimene zimasungika. Kenako amayamba kuchita manyazi ndi kufunsa kuti "mwati chiyani?", amangogwedeza mutu ena akamacheza, mapeto ake amasiya kupita pagulu. Ngati mukukweza wailesi kuposa ena onse m'nyumba, kapena mawu akusokonekera pamene anthu ambiri akulankhula, kayezetseni. Nthawi zina ndi phula chabe lotseka khutu, loti achipatala achotsa tsiku lomwelo. Musalikolokose ndi kamtengo kapena thonje, mumangolikankhira mkati. Akakupatsani kachipangizo kothandiza kumva, kavaleni tsiku lililonse ngakhale phokoso likusowetsani mtendere masiku oyamba. Maso nawonso chimodzimodzi: ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni.

Gonani maola 7 mpaka 8, muzidzuka nthawi yofanana tsiku lililonse. Khofi ndi tiyi wamphamvu zithere masana, chifukwa theka la kafeini limakhalabe m'magazi patatha maola 5. Wogona nanu akamadandaula kuti mumaliza mkonono kenako n'kusiya kupuma kwa kanthawi, musaseke, ndi matenda ochizika amene amakwezanso BP.

Phunzirani chinthu chovuta chatsopano, monga chinenero, chida choimbira kapena kusoka, makamaka muli ndi anzanu. Chimene munachidziwa kale sichiuvutitsanso ubongo. Za mapiritsi "owonjezera nzeru", sungani ndalama zanu: malangizo a WHO a 2019 salimbikitsa kumwa mavitamini B ndi E pofuna kupewa dementia.

Kuiwala pamene mwaika makiyi n'kwa aliyense. Koma kufunsa funso lomwelo kangapo pa ola limodzi, kusochera m'njira yodziwika, kapena kulephera kuwerengera ndalama monga kale, n'kofunika dokotala. Tengani mankhwala onse amene mukumwa, chifukwa ena ogonetsa ngati diazepam amasokoneza kukumbukira, ndipo pemphani kuyezedwa vitamini B12 ndi chithokomiro. Pakamwa pakapotoka mwadzidzidzi, mkono kufooka kapena mawu kusamveka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale zitasiya zokha patapita mphindi zochepa.