Katayidwe ka amoniya wotsala m'botolo

Mwafunsa kuti amoniya wotsukira magalasi akatsala mumutaye bwanji. Wa m'nyumbayu ndi wosungunula kale m'madzi: amoniya weniweni ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse.

Yambani ndi kutsegula mawindo, muvale magolovesi. Thirani madzi ambiri mu ndowa, kenako onjezerani amoniyayo pang'onopang'ono mutayang'ana kumbali, chifukwa fungo lake limatsamwitsa. Khuthulirani m'sinki mpopi uli chitsegulire. Kumtsinje ayi, amapha nsomba.

Chonde musamusakanize ndi Jik kapena klorini, ngakhale m'chimbudzi momwe: amatulutsa mpweya wowononga mapapo. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi kwa mphindi 15, muthamangire kuchipatala. Botolo litsukeni, koma musasungiremo madzi akumwa.

Amoniya wosasungunula wa m'masilinda, wopangira feteleza ndi kuziziritsira zinthu m'mafakitale, amawira pa -33°C ndipo amawotcha khungu. Ameneyo musatsegule, bwezani komwe munagula.