Mmene gulu la m'komboni lingapezere thandizo la ndalama kudzera ku yunivesite

Ndalama zothandizira madera osauka zimene zimadutsa m'mayunivesite kawirikawiri zimachokera kwa opereka thandizo, ndipo zimaperekedwa kwa mphunzitsi amene walemba pempho pamodzi ndi gulu la anthu a m'deralo. Choncho ntchito yoyamba ndi kupeza mphunzitsi woyenera. Ngati gulu lanu la ku Kanyama kapena Chawama mu Lusaka likulimbana ndi kolera, pitani kwa akatswiri a zaumoyo a University of Zambia ku nthambi yake ya Ridgeway. Nkhani za ngalande ndi zitsime zili ndi mainjiniya a yunivesite yomweyo ku nthambi ya Great East Road.

Musanapite, lembetsani gulu lanu kwa Registrar of Societies, ofesi ya boma yolembetsa magulu, tsegulani akaunti ya kubanki m'dzina la gululo, ndipo mutenge kalata ya komiti yachitukuko ya wadi yanu. Pempho lisangoti anthu akuvutika, koma litchule kuchuluka kwa mabanja, kumene amatunga madzi, ndi zimene mwachita kale ndi manja anu.

Pa mgwirizano wolembedwa m'pamene muyenera kudekha. Funsani gawo la ndalama limene yunivesite idzachotse loyendetsera ntchito, amene adzasunge malisiti, ndiponso tsiku limene ofufuza adzabwere kudzauza anthu zimene apeza, chifukwa ulendo womalizawu ndi umene umaiwalika ndalama zikatha.