Kuphunzitsa anthu odzipereka kuyeza mchenga ndi matope m'mitsinje ya m'chigwa cha Shire

Mitsinje ngati Mwanza, Livunzu ndi Thangadzi imasefukira msanga chifukwa yakwiririka ndi mchenga wochokera kumapiri. Nchifukwa chake kuyeza madzi okha sikukwanira, pansi pa mtsinje pafunikanso kuyezedwa.

Pa malo alionse sankhani anthu awiri okhala pafupi ndi mtsinjewo, makamaka a m'komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amfumu akudziwa. Aphunzitseni mu Okutobala kumtsinje komweko, osati m'kalasi. Awiriwo alandire kope, lula, chingwe cha mamita 10 chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse, ndi botolo loonekera mkati la lita imodzi, la pansi posalala.

Yambani ndi mlatho. Pakani penti pa malo atatu: pakati ndi m'mbali monse muwiri. Mangani mwala kuchingwe, muutsitse mpaka ugunde mchenga, mulembe kutalika kwa chingwe kuchokera pa penti kufika pamchenga. Mu Meyi mubwereze pa malo omwewo. Chingwe chikafupika ndi masentimita 40, ndiye kuti mchenga wakwera choncho, ndipo mpata wodutsa madzi wachepa. Apa mpamene ndodo yopentedwa yoyezera madzi imanamiza anthu: tsinde lake likakwiririka, imaonetsa madzi ambiri pomwe mbali ina ndi mchenga.

Za botolo, nthawi ndiyo yofunika kwambiri. Tungani madzi akamakwera mvula itangogwa, chifukwa matope ochuluka amadutsa nthawi imeneyo. Wotunga mawa lake amapeza atapita kale. Mangirirani botolo kunsungwi yaitali, mutunge pamene madzi akuthamanga, osati pamene aima. Likhutchumuleni, muliike pamthunzi. Mchenga umadikha pa mphindi imodzi, matope pa maola awiri, dongo limatha tsiku kapena kuposerapo. Pakatha maola 24 yezani zodikhazo ndi lula, m'mamilimita. Botolo lisasinthidwe, apo ayi manambala sangafanizidwe.

M'kope mulembedwe tsiku, ola, malo ndi mtundu wa madzi. Tsiku lomwe botolo latuluka loyera lembaninso 0. Ambiri amadumpha masiku otere, kenako sizidziwika ngati kunalibe matope kapena munthu sanapite.

Wina asalowe m'madzi osefukira, ndipo kufupi ndi Shire ndi Ruo kuli ng'ona. Mvula ikafika ngati ya namondwe Freddy mu 2023, botolo lisiyeni, chenjezani mudzi. Kumapeto kwa mwezi jambulani tsamba la kope, mutumize pa WhatsApp kwa mlangizi wa m'dera lanu.