Nkhawa ikagwira thupi

Nkhawa sithera m'mutu mokha ayi. Ambiri imawagwira m'thupi: mtima kuthamanga, m'manja thukuta, m'kamwa kuuma gwa, m'mimba kuwira, nsonga za zala kuchita dzanzi, mpaka munthu kuganiza kuti basi imfa yafika. Chimachitika n'chakuti thupi latulutsa adrenaline, madzi a m'thupi ofulumizitsa mtima pakagwa zoopsa, likukonzekera kuthawa chilombo chomwe palibe.

Dzanzi lija, ngakhalenso chizungulire, zimabwera chifukwa chopuma mothamanga, chifukwa mukatero carbon dioxide, mpweya womwe timatulutsa popuma, amachepa m'magazi. Ndiye musalimbikire kukoka mpweya wambiri, mungowonjezera vuto. Khalani pansi, dzanja pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, kenako muutulutse pakamwa pang'onopang'ono mpaka 6. Kutulutsako ndiye nkhani yake. Bwerezani kwa mphindi zingapo, maso ali pa chinthu chimodzi, kaya chitseko kaya nsapato yanu. Kawirikawiri mantha otere amafika pachimake mkati mwa mphindi 10, kenako amazirala okha.

Khofi wambiri ndi kusagona zimakolezera zimenezi, ine ndinachedwa kuzindikira. Koma ululu wa pachifuwa wofalikira kumkono kapena kunsagwada, makamaka ngati n'koyamba, musaunene kuti ndi nkhawa. Thamangirani kuchipatala akakuyezeni mtima.