Kalata ya amfumu si chilolezo chomangira nyumba

Chilimwe chino, alimi atagulitsa soya, mtedza ndi fodya, ndaona maziko a nyumba akukumbidwa m'minda ndi m'madambo ozungulira mzinda wa Lilongwe, ndipo ndikafunsa za chilolezo, ambiri akunditulutsira kalata ya amfumu. Kalata imeneyi imachitira umboni kuti malowo ndi a ndani, koma sinena kanthu za chimene chingamangidwe pamalopo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, kotero kudula munda kuti ukhale mapuloti kumafuna chilolezo cha khonsolo ngakhale malowo ali kumudzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene akuti amva kuti malamulowa atsala pang'ono kusinthanso, ndiye akuthamangira kumanga kuti kusinthako kudzawapeze atafolera kale. Mphekesera sizichotsa mphamvu ya lamulo limene lilipo, ndipo nyumba yomangidwa popanda chilolezo ikhoza kugwetsedwa, ndalama za njerwa, simenti ndi malata nkuthera pomwepo. Ndatopa nawo mawu akuti makolo athu ankamanga osapempha munthu, chifukwa makolowo sankamanga m'dambo. Dothi la m'dambo limang'amba makoma, zimbudzi zimadzaza madzi mvula ikalimba, ndipo zonyansazo zimalowa m'zitsime zomwe banja likumwa. Anthu a ku Mtandire sanaiwale mmene mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu February 2017.

Mlimi wina amene ndakhala ndikugwira naye ntchito anagulitsa ng'ombe ziwiri, nagula puloti, naotcha njerwa, ndipo khoma litafika pawindo anauzidwa kuti theka la malowo ndi podzadutsa msewu. Anandiuza misozi ili m'maso kuti ankayesa chidindo cha amfumu chakwanira. Wogulitsa malowo anali atadya kale ndalamazo, ndipo ng'ombe zija ndi zimene zinkakoka ngolo yake.

Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, pitani ku khonsolo ya mzinda, kapena ya boma ngati malowo ali kunja kwa mzinda, mukafunse ntchito imene malowo anaikidwira. Perekani pulani yojambulidwa ndi katswiri wovomerezeka pamodzi ndi mapepala a malo, lipirani, sungani lisiti, ndipo mudikire pulaniyo ibwere itadindidwa.