Momwe mungapezere cartomizer yodalirika ya ndudu yanu yamagetsi

Achimwene anga anasuta fodya zaka 22. Atayamba kuchezera kutsokomola, achemwali athu a ku Joni anawatumizira ndudu yamagetsi, ya batire lowonda ngati bolopeni, pamodzi ndi ma cartomizer asanu. Miyezi iwiri inatha osagwira machesi. Kenako cartomizer yomaliza inapserera, yomwe anagula m'tauni inakana kumanga pa batire, ndipo tsiku lachitatu ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupichira chingambwe, chibaba chitawakula. Zinandiwawa kwambiri, poona kuti chowabweza m'mbuyo chinali kachitsulo kosaposa chala. Zimene ndalemba apa ndi zomwe tinaphunzira posakasaka ina.

Cartomizer ndi kachubu kachitsulo kamene mumamanga kumutu kwa batire n'kumakokerapo. M'kati mwake muli kawaya kopota kamene kamatentha, kokutidwa ndi zinthu zoyera zonga thonje zosunga timadzi ta nikotini. Njira yophatikiza ziwirizi m'chubu chimodzi inatchuka cha m'ma 2008 kudzera ku kampani ya Gamucci ya ku Britain. Lero msika unadzaza ndi ma pod (ndudu zamagetsi zosomekamo kabotolo ka timadzi) komanso ndudu zongosuta n'kutaya, moti wogulitsa wachinyamata mwina sanaionepo cartomizer. Musadalire kuti iye akusankhirani. Pitani mukudziwa kale chimene mukufuna.

Yambani ndi mazinga. Masulani cartomizer yakale, muyang'ane pamene imalumikizana ndi batire. Ngati mazinga otuluka kunja ali pa cartomizer ndipo amalowa m'kabowo ka batire, kawirikawiri umenewo ndi mtundu wa 510, wofala kuposa ina yonse. Ngati ndi batire limene lili ndi kamutu kotuluka ndipo cartomizer imalimeza, mwina muli ndi KR808D-1, imene ambiri amangoti 808. Apa ndi pamene achimwene anagwa: batire lawo linali 510, iwo n'kugula 808. Batire la mtundu wa eGo, lonenepako lija, lili ndi mazinga awiri, aakulu kunja ndi a 510 m'kati, choncho cartomizer ya 510 imakhala bwinobwino. Makampani ena amapanga mazinga awoawo kuti muzigula kwa iwo okha. Pali tizitsulo tolumikizira mitundu yosiyana, koma ine sinditikonda chifukwa timawonjezera malo ena oti magetsi azidukira. Popita kukagula, nyamulani batire ndi cartomizer yakufayo m'thumba. Ngati mukutuma munthu wa kunja, jambulani mazingawo pafupi, pamalo owala, mumutumizire pa WhatsApp. Ndipo chikakana kulowa musachikakamize, mudzadya mazinga a batire n'kutaya zonse ziwiri.

Chachiwiri ndi ma ohm, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ambiri amapalumpha. Nambalayi imalembedwa pa bokosi kapena pa chubu penipeni, ndipo imasonyeza mmene kawaya kamakanizira magetsi. Ikakhala yaing'ono, kawaya kamakoka magetsi ambiri n'kutentha kwambiri. Ma cartomizer wamba amakhala pakati pa 2.5 ndi 3.0. Olembedwa LR, kutanthauza kuti amakaniza magetsi pang'ono, amakhala pakati pa 1.5 ndi 2.0. Batire la mavolti 3.7 likakumana ndi 2.5 limatulutsa mawati pafupifupi 5.5, koma pa 1.5 limafika mawati 9 n'kumakoka ma amp pafupifupi 2.5. Nthunzi imachuluka ndipo imafunda, n'zoona, koma kabatire kowonda konga ndudu, ka 180 kapena 280 mAh (muyeso wa moto umene batire limasunga), sikanapangidwire katundu wotere. Kamatha moto msanga, kamafunda m'manja, kenako kamafa. Ngati lanu ndi laling'ono chonchi, khalani pa 2.5 kupita m'mwamba. Za LR ndi zokhala ndi mawaya otentha awiri m'kati zisiyireni a eGo ya 650 mAh kapena kuposa.

Kenako sankhani pakati pa yothira kale timadzi ndi yopanda kanthu. Ine ndimalimbikitsa yopanda kanthu. Yothira kale simudziwa kuti yakhala miyezi ingati pa shelefu yotentha, pamene yopanda kanthu siwonongeka msanga ikakhala yomata. Onaninso kuti m'mbali mwake mulibe kabowo, chifukwa zoboola zinapangidwira kulowa m'kathanki kosunga timadzi ndipo pazokha zimadontha.

Za kogula. Mayina amene anadziwika kwa zaka zambiri pa ma cartomizer ndi Boge, Kanger ndi Smoktech, onse a ku China, ndipo amagulitsidwa asanu m'bokosi. Dzina lokha si umboni, poti zachinyengo zimakopera ndi bokosi lomwe. Yabwino imabwera iliyonse m'kapepala kake komata, ili ndi zotsekera zalabala mbali zonse ziwiri, thonje lake lili loyera mbee, mazinga osalala opanda dzimbiri. Zongothiridwa m'jumbo, zosalembedwa ma ohm, zisiyeni ngakhale zitchipe bwanji. Amene muli ndi abale ku South Africa kapena ku Britain, apempheni agule m'sitolo yogulitsa zimenezi zokhazokha, osati pamsewu. Ku Britain malamulo salola timadzi topitirira 20 mg ya nikotini pa mililita, ndipo katundu wa nikotini amayenera kulembetsedwa ku MHRA, bungwe la boma loona za mankhwala, asanagulitsidwe, choncho chochokera m'sitolo yovomerezeka kumeneko chili ndi pofunsira. Ubwino wina ndi woti cartomizer yopanda kanthu ilibe batire ngakhale timadzi, ndiye siivuta kutumiza. Ulendo woyamba gulani bokosi limodzi lokha.

Likafika, musathamangire kuthira. Pitani nalo kwa wokonza mafoni kapena mawailesi amene ali ndi mita yoyezera magetsi. Aike pa ma ohm, ayambe wagunditsa timawaya take tiwiri kuti aone nambala ya mitayo payokha, kenako kamodzi akhudzitse pa kachitsulo kapakati pansi pa cartomizer, kena pa mazinga, n'kuchotsera nambala yoyamba ija. Ya 2.5 ikawerenga 2.4 kapena 2.7 palibe vuto. Ikawerenga pafupi ndi ziro ndiye kuti ili ndi shoti, isayandikire batire lanu. Ikapanda kuwerenga kanthu, kawaya kanaduka. Bokosi lathu lina tinapezamo ziwiri zakufa mwa zisanu, ndipo kumene tinagulako sitinabwererekonso.

Yabwino imathanso kufa tsiku loyamba ngati mwathira molakwika. Chotsani kachivindikiro kofewa kukamwa kwake, ipendeketseni, muzidonthezera timadzi pa thonje la m'mbali mukuizunguza pang'onopang'ono. Pakabowo kapakati pasalowe kanthu, ndi njira ya mpweya. Yaifupi imamwa pafupifupi mililita imodzi. Thonje likasiya kumwa n'kumaoneka lonyowa pamwamba, imikani kwa mphindi 10, muwonjezere madontho awiri kapena atatu. Timadziti amapanga posakaniza zinthu ziwiri zotchedwa VG ndi PG, ndipo tokhala ndi VG yambiri n'tolimba ngati uchi, sitiyenda bwino m'thonjeli, choncho sankhani tokhala ndi PG yochuluka. Kukoma kukangoyamba kuchepa, onjezerani pomwepo. Mukakoka ili youma thonje limapsa, ndipo fungo la sanza yopserera lija silichoka ngakhale mutsuke motani. Imeneyo ndi yotaya.

Botolo la timadzi likhale kotsekera. Limanunkhira ngati switi, ndipo nikotini ndi poizoni kwa mwana akamwa. Komanso zonsezi ndalembera munthu wamkulu amene akulimbana ndi kusiya fodya wa moto. Amene simusuta, amayi oyembekezera ndi ana asukulu, nikotini amakola ngati chikonga cha fodya wina aliyense, musayambe.

Cartomizer imodzi imawatengera achimwene sabata imodzi kapena iwiri, ndipo katundu wochokera ku Joni amatha kuchedwa panjira. Ndiye masiku ano akatsegula bokosi lomaliza amaimbiratu achemwali tsiku lomwelo. M'chikwama mwawo muli kapepala kamene ndinawalembera: 510, 2.5 ohm, yopanda kanthu, yosaboola.